Chiwongolero chikamalimba m'mawa nyengo yachisanu

Mu Juni ndi Julayi kuno ku Mchinji chiwongolero chimakonda kulimba m'mawa. Musathamangire kugula pampu yatsopano ya power steering, imene imafewetsa chiwongolero.

Lizani injini, dikirani mphindi 5, kenako pindani pang'onopang'ono uku ndi uku. Chikafewa injini itatentha, kaikirani mafuta a power steering, chifukwa kukazizira amalimba. Onani m'kabotolo kake: afike pakati pa MIN ndi MAX. Akada kapena akamanunkha chopserera, asintheni. Akachita thovu ndiye kuti mpweya ukulowa, kawirikawiri papaipi yomwe yauma n'kung'aluka. Thirani mtundu wolembedwa pachivundikiro. Mafuta a mabuleki ayi, chonde, amawononga masilo onse, timphira totseka kuti mafuta asadonthe.

Kulira kwa "kwiii" popinda ndi lamba wozungulitsa pampu amene walefuka kapena watha.

Galimoto ngati Passo zilibe mafutawa, chiwongolero chake n'chamagetsi. Yambani ndi batire: ikakhala pansi pa 12.4 volts injini itazima, yafooka.

Yezaninso matayala akutsogolo musananyamuke, mpweya umatsika kukazizira. Koma kugogoda mukamadutsa m'mabampu si chisanu. Kwezani galimoto pa jeke, mugwedeze tayala, muone tie rod end, kachitsulo kolumikiza chiwongolero ndi tayala.