Kuthandiza banja lisanagone panja: malangizo kwa Akhristu a ku Malawi okhala kunja

Aliyense amene wakhalako kunja kwa Malawi akudziwa mmene timachitira uthenga wa maliro ukamveka. Lisanathe tsiku gulu la WhatsApp limakhala latsegulidwa, msungichuma wasankhidwa, mayina a osonkha akulembedwa motsatana, ndipo posakhalitsa ndalama zonyamulira thupi kuchokera ku Johannesburg kapena ku Manchester mpaka ku Mangochi kapena ku Mzimba zimakhala zakwana. Umenewu ndi ulemu wathu, ndipo sindikufuna kuti uchepe. Chimene chimandipweteka mumtima n'chakuti munthu yemweyo ali moyo, ntchito itamuthera, atakhala miyezi iwiri osalipira lendi, nthawi zambiri sipakhala gulu lotsegulidwa m'dzina lake. Ndalama zimene timapeza msanga zogulira bokosi zikanatha kusunga banja lonse m'nyumba kwa miyezi ingapo. Ndikulembera Akhristu anzanga, akulu a mpingo, amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika ndi a m'miphakati, kuti tiphunzire kufika msanga pakhomo la banja limene denga likulichoka.

Chovuta choyamba n'chakuti banja lotere silinena. Munthu amene anachoka kumudzi anthu akumuperekeza ndi chiyembekezo, amene mwezi ndi mwezi amatumiza ndalama ya feteleza ndi fizi, savomera msanga kuti iye mwini akusowa pogona. Choncho udindo uli kwa ife kuti tizipenya. Mayi amene kale ankathamangira kunyumba mapemphero akatha tsopano amatsalira, akupinda nsalu za patebulo ndi kusesa malo oyera kale, chifukwa sakufuna kukakumana ndi mwini nyumba usana. Bambo akupempha kuti zikwama zake ziwiri zisungidwe m'kachipinda ka kutchalitchi, amati kwa masiku ochepa okha. Ana akubwera ndi zovala zomwezo Lamulungu lililonse ndipo akudya mwachangu pa chakudya cha pamodzi. Mukaona zotere musafunse pagulu. Apite munthu mmodzi kapena awiri amene banjalo limawakhulupirira, akhale pansi, afunse mosazungulira kuti: “Achimwene, lendi ya mwezi uno yatheka?” Funso lachindunji lofunsidwa kuseri limapeputsa munthu kuposa mawu akuti mukafuna chilichonse mutiuze.

Thandizo lotsika mtengo kuposa lina lililonse ndi losunga banja m'nyumba imene likukhalamo kale. Likangotuluka, pamafunika dipoziti ya nyumba ina, lendi ya mwezi woyamba, galimoto yonyamula katundu, ndiponso mwina sukulu ina ya ana, pamene katundu wina amawonongeka kapena kubedwa m'njira. Ku England dipoziti yokha imatha kufika pa lendi ya masabata asanu. Ngongole ya mwezi umodzi imene mpingo ukanaithetsa ndi chopereka cha Lamulungu limodzi imasanduka mtolo wa miyezi itatu. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti akulu awiri a mpingo, banjalo litavomereza, apite kukalankhula ndi mwini nyumba, apereke gawo la ngongoleyo m'manja mwake kapena ku akaunti yake, atenge lisiti, ndipo agwirizane polemba tsiku lomalizira yotsalayo. Eni nyumba ambiri amafewa akaona kuti wochita lendi ali ndi anthu kumbuyo kwake, popeza nawonso safuna kutaya ndalama ndi nthawi kukhoti. Nenaninso poyera kuyambira pachiyambi ngati ndalamayo ndi mphatso kapena ngongole. Ine ndimakonda mphatso, ngakhale ichepe, chifukwa ngongole ya kwa m'bale wa mumpingo imathamangitsa munthu kutchalitchi pa nthawi yomwe akufunika kwambiri kukhala pakati pa anthu.

Pali thandizo lina losafuna ndalama, lomwe ndi kudziwa malamulo a dziko limene mukukhalamo. Ku South Africa, gawo 26 la malamulo aakulu a dziko limanena kuti munthu sangatulutsidwe m'nyumba yomwe akukhala popanda chigamulo cha khoti, ndipo lamulo la 1998 lodziwika ndi dzina lakuti PIE Act limalongosola njira imene mwini nyumba ayenera kutsata. Mwini nyumba alibe mphamvu yosintha loko, kuzula chitseko, kudula madzi ndi magetsi kapena kutaya katundu panja payekha, ngakhale ngongole ilipo ndithu. M'chigawo chilichonse cha dzikolo muli bungwe la Rental Housing Tribunal lomwe limamva madandaulo a ochita lendi ndi eni nyumba kwaulere. Ku Johannesburg kuli mabungwe othandiza pa nkhani za malamulo monga SERI ndi Lawyers for Human Rights, ndipo ku Cape Town kuli Scalabrini Centre yomwe imalangiza anthu obwera kuchokera kumayiko ena. Tonse tikudziwa kuti m'bale amene mapepala ake anatha amaopa ofesi iliyonse, ndipo mantha akewo si opanda pake. Apa ndi pamene Mkhristu amene mapepala ake ali bwino angathandize: ayambe iye kukafunsa ku bungwe lotere mmene nkhani ingayendere, kenako amuperekeze mnzakeyo, amasulire chiyankhulo ndi kusunga makalata onse pamalo amodzi.

Banja likachotsedwa mwadzidzidzi limathamangira malo alionse otchipa, ndipo ena mwa malo amenewa ndi misampha. Usiku wa pa 31 August 2023 moto unabuka m'nyumba yosanja ya Usindiso ku Marshalltown, pakati pa mzinda wa Johannesburg, ndipo anthu oposa 70 anafa, ena mwa iwo Amalawi. M'kati mwa nyumbayo munali tizipinda togawidwa ndi matabwa ndi makatoni, ndipo anthu ambiri analephera kutuluka chifukwa njira zinali zotsekeka. Sindikhulupirira kuti alipo kholo limene limasankha malo otere chifukwa chowakonda. Choncho mukamathandiza banja kupeza pokhala, musangopereka ndalama n'kutembenuka. Pitani mukaone ndi maso anu ngati chipindacho chili ndi potulukira moto utabuka, ngati mawaya a magetsi sakulendewera, ngati pali madzi ndi chimbudzi, ndiponso ngati wolandira lendiyo alidi mwini wake wa malowo.

Ku Britain vuto limavala nkhope ina. Ambiri mwa abale athu ali ndi ziphaso zolembedwa kuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti saloledwa kulandira thandizo la boma monga la lendi. Amene anabwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala amadalira kampani imene inawaitana, ndipo kampaniyo ikalandidwa chilolezo amapatsidwa kawirikawiri masiku 60 okha kuti apeze ina. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ku England gawo 17 la Children Act ya 1989 limapatsa khonsolo udindo wosamalira mwana wovutika, ndipo khonsolo ikhoza kupereka pogona ndi ndalama ya chakudya kwa banja lokhala ndi ana ngakhale makolo ali ndi chiletso chija. Koma khonsolo imafufuza za ziphaso za makolo ndipo imatha kulumikizana ndi Home Office, unduna woona za olowa m'dziko, motero banja liyambe lalandira uphungu ku mabungwe a Citizens Advice ndi Shelter kapena kwa mlangizi wovomerezeka wa nkhani za olowa m'dziko lisanakagogode kumeneko. Ku England nakonso mwini nyumba sangatulutse wochita lendi popanda kudzera kukhoti, ngakhale kuti amene akukhala m'chipinda cha m'nyumba momwe mwiniwake akugonamo ali ndi chitetezo chochepa kwambiri.

Nthawi zina zonsezi zimakanika, ndipo chotsala ndi kutsegula chitseko chanu. Ndimakonda nkhani ya mayi wa ku Sunemu pa 2 Mafumu 4, chifukwa mayiyo sanangomva chisoni ayi. Anakambirana ndi mwamuna wake, anakonza kachipinda, n'kuikamo bedi, tebulo, mpando ndi nyale. Anaganiziratu zimene mlendo adzafune, ndipo anayamba wagwirizana ndi wa m'nyumba mwake. Ine ndinaphunzira zimenezi mochedwa. Chaka china ndinalandira banja la anthu anayi m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo chifukwa cha manyazi sitinakambirane kanthu. Patatha masabata asanu ndi limodzi magetsi ogula anayamba kutha pakati pa sabata, mkazi wanga ankaphika mosayankhula, ndipo mlendo wathu wamkazi ankadzuka m'bandakucha kukasambitsa ana ndi madzi ozizira poopa kutiwonongera mayunitsi. Ndinamupeza tsiku lina akupukuta mwana amene ankanjenjemera pakati pa mwezi wa June, ndipo ndinazindikira kuti kukhala chete kwathu kunkawazunza kuposa umphawi wawo. Usiku womwewo tinakhala pansi tonse anayi akuluakulu, tinagwirizana za miyezi iwiri, za amene aziphika masiku ati ndi za kandalama kamene azisonkha pa magetsi akapeza ganyu, ndipo mtendere unabwerera m'nyumba.

Makolo anati mlendo ndi mame, koma banja losowa pokhala silikamuka dzuwa likatuluka, choncho tsiku loyamba lomwe pakhale kukambirana za nthawi, chakudya, makiyi ndi alendo obwera kudzacheza. Werenganinso pangano lanu la lendi musanaitane munthu, chifukwa mapangano ambiri amaletsa kuwonjezera anthu popanda chilolezo, ndipo sichingakhale chanzeru kuti mabanja awiri agone panja m'malo mwa limodzi. Ku England, mukamulipiritsa mlendoyo lendi, lamulo la Right to Rent lomwe linafalikira m'dziko lonselo mu 2016 limakukakamizani kuona ziphaso zake, ndipo ngati munkakhala nokha kuchotsera kwa 25 peresenti pa msonkho wa khonsolo kukhoza kutha. Pali nkhani inanso imene sitiyenera kuichitira manyazi. Mayi yekha kapena mtsikana asaikidwe m'nyumba ya mwamuna wokhala yekha, ngakhale mwamunayo ndi mkulu wa mpingo, ndipo ana agone pafupi ndi kholo lawo. Wosowa pogona savuta kumudyera masuku pamutu, ndipo mpingo uyenera kuika mayi wachikulire woti azimuyendera n'kumufunsa payekha ngati zonse zili bwino.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo banja limodzi lisasiyidwe lokha ndi mtolo wonse pamene ena akungoyamikira. Mpingo kapena gulu la mapemphero likhale ndi thumba lapadera la pogona, losiyana ndi la maliro, losungidwa ndi anthu atatu, ndipo ndalama isatuluke popanda awiri kusayina. Pa Machitidwe 6, pamene amasiye olankhula Chigriki ankaiwalika pogawa chakudya, atumwi sanakane dandaulolo, koma anauza mpingo kuti usankhe anthu asanu ndi awiri a mbiri yabwino kuti ayendetse ntchitoyo. Nafenso tili ndi amene timawaiwala: wa chigawo china, wa mpingo wina, m'bale wachisilamu wa ku Machinga amene timagwira naye ntchito, kapena mnansi wa ku Zimbabwe ndi ku Mozambique. Thumba likamathandiza okhawo opereka chakhumi limakhala lasanduka chipereganyu. Polengeza za ndalama nenani kuchuluka kwa zolowa ndi zotuluka, koma dzina la banja lothandizidwa likhale kwa atatu aja basi. Musajambule ana akulandira thumba la ufa n'kuika pa Facebook, chifukwa chithunzicho chimafika kumudzi tsiku lomwelo, ndipo bambo amene mwamuchititsa manyazi motero sadzanenanso vuto lake.

Ndikudziwa kuti ambiri a ife tikusenza kale makomo awiri, lakuno ndi lakumudzi, makamaka chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Palibe amene akupemphedwa kutenga ngongole ya katapila kuti athandize mnzake. Amene alibe ndalama akhoza kusunga katundu wa banjalo m'galaja, kulera ana masana kuti mayi akafunefune ntchito, kubwereka galimoto tsiku losamuka, kapena kumutchula mnzake kwa abwana ake pakapezeka malo.

Pomaliza pali nkhani yovuta kuiyamba, yomwe ndi kubwerera kumudzi. Pali mabanja amene, ziphaso zitatha ndiponso ntchito itasowa kwa nthawi yaitali, angapume bwino kwawo kusiyana ndi kumangosamuka m'makomo a anthu. Chisankho chimenechi ndi cha banjalo, ndipo tisalikankhire pofuna kuti mtolo utichoke. Koma likasankha lokha, tilithandize kupita mwaulemu. Amene pasipoti yake inatha kapena inatayika akafunse za chikalata choyendera mwadzidzidzi ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria, ku Johannesburg kapena ku London. Mpingo ugule matikiti, utenge kusukulu makalata a ana osonyeza kalasi imene afika, ndi kuchipatala makalata a amene akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku pamodzi ndi mankhwala okwanira ulendo ndi masabata oyamba. Pakhalenso kampamba koyambira kageni, ndipo abusa kapena mkulu wa mpingo aimbe foni ku mpingo wa kumudzi kuti pakhale munthu wokawachingamira pa depoti ya basi ku Blantyre kapena ku Lilongwe.