Musanalipire mayeso a AP a mwana wanu

Makolo amene muli ndi ana ku sekondale ku America, musathamangire kulipira mayeso onse a AP (Advanced Placement, maphunziro a mulingo wa ku koleji amene ana amatenga akadali ku sekondale). Phunziro limodzi lokha ndi pafupifupi madola 100.

Yambani mwayang'ana pa webusaiti ya College Board, bungwe limene limayendetsa mayesowa, kuti koleji imene mwanayo akuifuna imalandira giredi yanji. Magiredi ake ndi 1 mpaka 5. Makoleji ambiri amalandira 3, ena amafuna 4 kapena 5, ena sawerengera n'komwe. Akakhoza bwino, kosi ngati ya masamu ya Calculus sakaibwerezanso chaka choyamba ku koleji, ndalama n'kupulumuka. Koma phunziro limene akubwera nalo kunyumba nkhope ili gwaa, musamukakamize.

Ngati m'thumba mwauma, kafunseni kusukulu, amachotserako mtengo. Mayeso amalembedwa mu May, koma lembetsani isanafike November, ochedwa amawalipiritsa zoonjezera.