Momwe mungasankhire kukula kwa valavu yowongolera mulingo wa madzi m'thanki

Valavu ikakula mopitirira, imagwira ntchito ili pafupi kutsekeka. Ikangosuntha pang'ono madzi amakhuthuka ambiri, mulingo m'thanki n'kumangokwera ndi kutsika osakhazikika. Kawirikawiri zimayamba chonchi: wina anayang'ana kukula kwa paipi n'kuitanitsa valavu yofanana nayo, osawerengera kalikonse.

Yambani ndi kuchuluka kwa madzi odutsa, mu m³ pa ola. Mufunika manambala atatu: ochepetsetsa, a masiku onse, ndi ochulukitsitsa. Lembaninso SG, kulemera kwa zamadzimadzizo poyerekeza ndi madzi wamba. Ya madzi ozizira ndi 1.

Tsopano puresha, ndipo apa musapupulume. Pa nambala iliyonse mwa atatuwo, pezani kusiyana kwa puresha yolowa mu valavu ndi yotuluka, komwe timalemba kuti ΔP. Sikukhala kofanana nthawi zonse. Madzi akachuluka, mapaipi, zokhota ndi sefa zimadya puresha yambiri, pampu nayo imatulutsa yocheperapo, valavu n'kutsala ndi nyenyeswa. Thanki yomwe imasinthanso zinthu: kuya kwa madzi kwa mamita 10 kumapereka puresha ya pafupifupi bar 1 (bar ndi muyeso wa puresha), choncho werengerani ili yodzaza komanso ili pafupi kuuma.

Mukatero, pezani Kv, nambala yosonyeza kuchuluka kwa madzi amene valavu ingadutsitse, motsatira IEC 60534-2-1, malamulo apadziko lonse owerengera kukula kwa mavalavu:

Kv = Q × √(SG ÷ ΔP)

Q, kuchuluka kwa madzi odutsa, ikhale mu m³ pa ola, ΔP mu bar. Ngati buku la kampani yopanga mavalavu lalemba Cv, yomwe ndi nambala yomweyo mu miyeso ya ku America, chulukitsani Kv yanu ndi 1.156 kuti mupeze Cv.

Tiyerekeze madzi ochulukitsitsa ndi 50 m³ pa ola pa ΔP ya bar 1. Kv ndi 50. Ochepetsetsa ndi 10 m³ pa ola pa bar 4, Kv ndi 5. Madzi asiyana kasanu, koma Kv yasiyana kakhumi. Ambiri amagwa pamenepa.

Valavu yoyenera ndi imene izigwira ntchito itatseguka pakati pa 20% ndi 80% kapena chapafupi pomwepo. Ya linear (imene Kv yake imakwera molingana ndi mmene yatsegukira), ya Kv 63 ikatseguka yonse, ingatseguke 79% madzi akachuluka, zomwe zili bwino, koma 8% yokha akachepa, pomwe kuwongolera kumavuta ndipo pokhalira pulagi, chotsekera cha m'kati mwa valavu, pamadyeka. Ya equal percentage (imene Kv yake imakwera pang'onopang'ono poyamba, kenako mofulumira ikamatseguka kwambiri) ya Kv 100, yokhala ndi rangeability ya 50:1 (Kv yaikulu kuposa yaing'ono imene ingawongolere maulendo 50), ingatseguke pafupifupi 82% ndi 23%. Ine ndingatenge imeneyi. Mudzamva anthu akunena kuti pa mulingo wa thanki pamafunika linear basi. N'zoona pokhapokha ngati ΔP sisintha kwambiri.

Musanaitanitse, onani za cavitation. Puresha m'kati mwa valavu ikatsika mpaka madzi kuyamba kupanga thovu la nthunzi, thovulo limaphulika patsogolo pake n'kumakumba chitsulo, ndipo mumamva ngati miyala ikugubuduzika m'paipi. Madzi otentha ndiwo amavuta msanga. Yang'anani nambala ya FL, yomwe ikatsika cavitation imayamba msanga: ya valavu ya mtundu wa globe imakhala pafupifupi 0.9, ya mtundu wa butterfly ndi yotsikirapo, ndiye butterfly imayamba vutoli msanga.

Chatsala n'kusankha chimene valavu ichite mpweya wa actuator, chipangizo chotsegula ndi kutseka valavu, ukatha. Ngati ndi yodzazira thanki, nthawi zambiri itseke kuti madzi asasefukire. Ngati ndi yotulutsira, dzifunseni choopsa kwambiri n'chiti, thanki kusefukira kapena kuuma, ndipo yankho lake lilembedwe pa datasheet, pepala lofotokoza zonse za valavuyo.