Momwe ndinakonzera webusaiti yathu ya nkhani za ku Mulanje

Pa webusaiti yathu amalembapo ndi aphunzitsi, alimi a tiyi komanso anyamata operekeza alendo kuphiri. Vuto linali lakuti munthu akangomaliza kulemba, nkhani yake inkatuluka nthawi yomweyo mkonzi asanaione, ndipo zina zinkatuluka zili ndi mayina a anthu olakwika. Tinayesa kumalandira nkhani pa WhatsApp n'kumazikopera tokha, koma ntchito inatichulukira. Pulogalamu ina yomwe tinayesanso inali yovuta kulembera pa foni, chonsecho olemba athu ambiri alibe kompyuta.

Ndinasankha WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti. Ndi yaulere, timangolipira hosting (malo osungirapo webusaiti pa intaneti) ndi dzina la webusaiti chaka chilichonse.

Chomwe chinathetsa vuto ndi maudindo omwe WordPress imapereka kwa anthu olembetsa pa webusaiti. Mu Settings, pansi pa General, ndinalola kuti aliyense azitha kulembetsa, koma pa New User Default Role (udindo womwe wolembetsa kumene amapatsidwa) ndinaikapo Contributor. Munthu wa udindo umenewu amalemba n'kutumiza, nkhaniyo imadikira kaye mpaka Editor (mkonzi) aiwerenge ndi kuitulutsa. Olemba musawapatse udindo wa Author, chifukwa Author amatulutsa yekha nkhani zake. Udindo wa Editor ndinapatsa anthu awiri okha odziwa bwino Chichewa.

Contributor sangathe kuika zithunzi, ndipo nkhani ya mathithi a Likhubula yopanda chithunzi siikoma. Ndinaika pulagini (kapulogalamu kowonjezera pa WordPress) ya User Role Editor, n'kuchonga upload_files (chilolezo choika zithunzi) pa udindo wa Contributor. Olembawo ndinawapemphanso kuti azichepetsa kukula kwa zithunzi asanazitumize, poti kumidzi ya kufupi ndi Muloza netiweki imavuta ndipo bandulo imatha msanga.