Malangizo a Radar Yoteteza Anchito pa Makina a Tiyi ku Thyolo ndi Mulanje

Malangizo awa tawaika m'Cinyanja cifukwa ca inu anzathu a ku Zambia, amisiri a magetsi, okonza makina ndi ophunzira nchito, amene mwabwera m'mafakitale a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje. Mukadzabwerera ku Chipata kapena ku Katete nzeru yomweyi ikakuthandizani pa makina a thonje ndi pa zigayo zikuluzikulu, pakuti fumbi ndi limodzimodzi. Manambala amene tachula muno ndi a masensa a radar (zipangizo zozindikira munthu woyandikira makina) a 24 GHz, monga amene amapangidwa ndi kampani ya Inxpect ku Brescia m'dziko la Italy. Makampani a Pilz, Leuze ndi SICK amagulitsanso ofanana nawo. Ngati buku la cipangizo canu lachula nambala ina, tsatirani ya m'bukulo.

Cimene radar imaona

Sensa imatumiza mafunde a wailesi ndi kumvetsera pamene akubwerera. Cinthu cikasuntha m'dera limene mwaiikira, imauza bokosi lowongolera, ndipo bokosilo limadula mphamvu ya makina nthawi yosapitirira mamilisekondi 100. Bokosi limodzi limalandira masensa mpaka 6. Sensa iliyonse imaona mpaka mamita 4, ndipo mungasankhe kuti ione motambalala, madigiri 110 m'mbali ndi 30 m'mwamba, kapena mopapatiza, madigiri 50 ndi 15.

Mwina mwazolowera zipangizo za kuwala ndi za laser. Zimenezo n'zabwino m'nyumba yoyera, koma kuno fumbi la tiyi limamata pagalasi, nthunzi imatuluka ku zoumitsira, ndipo kuyambira mu Meyi mpaka Ogasiti kumagwa ciperoni, nkhungu yonyowa ija imene imalowa mpaka m'mashedi otseguka. Cipangizo ca kuwala cikamaimitsa makina popanda cifukwa kasanu pa shifiti, pamapezeka munthu wocilumikiza mwacinyengo kuti nchito iyende. Radar fumbi, utsi, nthunzi ndi mdima siziisokoneza.

Auzeni anchito poyera zinthu ziwiri, cifukwa amafunsana okhaokha pa nthawi ya nkhomaliro. Si kamera, sijambula nkhope ya munthu ndipo siuza bwana kuti uje wakhala pansi. Si X-ray ya kucipatala ayi, mphamvu ya mafunde ake ndi yocepa kwambiri. Munthu amene akuiopa amaitembenuza kuti iyang'ane kukhoma, conco kufotokoza kumeneku ndi gawo la kuiika.

Munthu amene ali m'kati

Nchito yoyamba ya radar ndi kuimitsa makina munthu akalowa. Yaciwiri ndiyo imene tikufuna muimvetse bwino koposa zonse: kuletsa makina kuyakanso pamene munthu akali m'kati.

Taganizirani nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, masamba akubwera ambiri ndipo fakitale ikugwira usana ndi usiku. Magetsi a ESCOM athima, monga amacitira a ZESCO kwanu. Mayi wosesa aona kuti mpata ndi uno, alowa ndi tsache kuseri kwa makina a CTC (ophwanya, kung'amba ndi kupota masamba a tiyi), agwada pansi pa lamba kuti atole masamba ogwa. Jenereta yalira. Woyendetsa makina ali kutsogolo, sakuwaona mayi aja, ndipo dzanja lake lili kale pa batani.

Makina akaima, radar imasintha kamvedwe kake n'kuyamba kumva ngakhale kusuntha kocepetsetsa kwa thupi, monga kukwera ndi kutsika kwa cifuwa popuma. Munthu ataima du, kapena atagwada osagwedezeka, imamuzindikirabe. Silola kuyatsa mpaka dera litakhala lopanda kusuntha kulikonse kwa nthawi yoikika, imene pa masensa amenewa imabwera ili masekondi 10. Musaifupikitse pofuna kusangalatsa wofulumira. Masekondi 10 sanaonongepo tiyi.

Konzani kuti kuyatsanso kuzicitika ndi dzanja la munthu, makina asamayake okha. Batani loyatsiranso likhale kunja kwa dera loopsa, pamalo pamene wolidina akuona dera lonse, ndipo munthu amene ali m'kati asathe kulifikira ngakhale atatambasula mkono kapena mpini wa tsache.

Kupima mtunda

Apa tsikani pang'onopang'ono, cifukwa sensa yabwino yoikidwa pafupi kwambiri siteteza munthu. Muyezo wa ISO 13855 umawerengera kuti munthu woyenda amapita mamilimita 1600 pa sekondi. Tengani nthawi imene makina anu amatenga kuti aime kotheratu, onjezani 0.1 sekondi ya radar, cukitsani ndi 1600, kenako onjezani mtunda wa mkono wotambasula, umene usacepere mamilimita 850.

Mwacitsanzo, lamba amene amaima m'masekondi 0.9: pamodzi ndi radar ndi sekondi 1, ndiye kuti 1600 kuonjeza 850, mamilimita 2450. Malire a dera ayambire pamenepo kucokera pa cinthu coopsa. Koma tengani makina olemera amene amapitiriza kuzungulira masekondi 2 mphamvu itadulidwa. Apa ndi 2.1 kucukitsa 1600, imene ndi 3360, kuonjeza 850, zonse 4210. Mwapitirira kale mamita 4 amene sensa imaona. Zikatero musakakamize. Ikani buleki pa makinawo, kapena mpanda wokhala ndi citseko cimene sicitseguka mpaka makina ataima.

Nthawi yoimayo muipime ndi cipangizo copimira pa makina enieniwo, atanyamula katundu monga mwa masiku onse. Musaitenge m'mutu kapena m'buku lakale. Makina ambiri a m'mafakitale muno agwira nchito zaka zambiri, ndipo buleki ikamatha nthawi yoima imatalika osauza munthu.

Zimene radar siicita

Siona zala. Inapangidwa kuti izindikire thupi la munthu, osati dzanja lolowa pampata. Marola a CTC ali ndi mano akuthwa, ndipo imodzi imazungulira mofulumira kuwirikiza kakhumi kuposa inzake. Zophimba zacitsulo za pa marola, pa rotorvane (makina ofinya masamba asanafike ku CTC), pa macheni ndi pa malamba a mota zikhalebe pamalo pake, zomangidwa ndi mabauti onse. Radar sichinga citsulo cothyoka cikauluka, siletsa kupsa ndi paipi ya nthunzi, ndipo sicotsa magetsi m'mawaya.

Pokonza makina, posintha marola, kapena potsuka m'kati, thimitsani pa switchi yaikulu, khomani loko wanu, pacikani cikwangwani ca dzina lanu, kiyi ikhale m'thumba mwanu. Mukakhala atatu, maloko akhalenso atatu. Timanena izi mobwereza cifukwa munthu akazolowera kuti makina amaima okha akayandikira, amayamba kuona loko ngati wocedwetsa. Masensa amenewa ali pa mlingo wa SIL 2 ndi PL d, kutanthauza kuti ndi odalirika kwambiri, koma anapangidwira munthu wolowa mosayembekezeka. Wolowetsa mikono yonse m'makina mwadala amafunika loko.

Poika

Mangani sensa pa khoma kapena pa nsanamira yosagwedezeka, osati pa thupi la makina onjenjemera. Citsulo cimabweza mafunde, motero kuseri kwa thanki, kabati ya magetsi kapena mota yaikulu kumatsala malo amene sensa siona. Munthu wogwada amakwana m'malo oterowo. Ikani sensa yaciwiri yoyang'ana kucokera mbali ina. Pulasitiki ndi matabwa opyapyala zimatha kudutsa mafunde, conco munthu woyenda kuseri kwa cochinga cotero angathe kuimitsa makina ngakhale ali kunja. Cepetsani dera mu kompyuta kuti lithere pa cochingaco.

Ciliconse coyenda m'dera cimaonedwa: mafani, matumba olendewera amene mphepo ikukupiza, madzi othamanga a paipi yotsukira, ngolo ya nkhuni za ku boila. Makina akamaima popanda munthu, funani cimene cikusuntha ndi kucicotsa kapena kutembenuza sensa mwa dongosolo, n'kuyesanso. Musacepetse kumva kwa sensa kuti vuto lithe.

Mawaya awiri a citetezo ocokera m'bokosi apite onse ku makontakita odula mphamvu, aliyense njira yake. Bokosi limafuna mavoti 24 a DC. Mawu acinsinsi osinthira dongosolo akhale ndi mmisiri wamkulu yekha, ndipo kusintha kulikonse kusindikizidwe, kusainidwe ndi kusungidwa. Oyendera mafakitale a boma amafuna kuona umboni wakuti makina ndi ochingidwa, ku Malawi pansi pa Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997, kwanu pansi pa Factories Act.

Sensa imazindikira ikatembenuzidwa kapena ikaphimbidwa, ndipo imaimitsa makina. Conco jekete, thumba kapena kapu ya tiyi zisaikidwe pamenepo. Popukuta gwiritsani nchito nsalu yonyowa, osati petulo kapena thina. Mlingo wake wa IP67 umatanthauza kuti fumbi sililowa ndipo imapirira madzi akuya mita 1 kwa mphindi 30, koma sunena za madzi a mphamvu a makina otsukira, ndiye musawalunjike pa sensa kapena pa zolumikizira zake.

Kuyesa

Mukamaliza kuika, yesani makina asanapatsidwe kwa anchito, mnzanu ataima pa batani lofiira loimitsa makina mwadzidzidzi. Lowani kucokera njira iliyonse imene munthu angalowere, ngakhale ija yoletsedwa imene aliyense amadutsa pofupikitsa ulendo. Lowani mutaimirira, lowani mutawerama, lowani mwakacetecete ngati wozemba. Makina ayambe kuima mukangofika pa mzere umene munapima. Kenako, makina ali ciimire, pitani pa ngodya iliyonse, gwadani, khalani cete kupitirira masekondi 10, ndipo bokosi lisapereke cilolezo coyatsa. Likapereka ngakhale pa malo amodzi, nchito sinathe. Pentani mzere wacikasu pansi pamene dera layambira kuti aliyense auone.

A kapitawo, pa ciyambi ca shifiti iliyonse pondani pa mzerewo kamodzi, onani makina akuima, lembani m'buku. Yesaninso zonse mukasuntha makina, mukaika kabati kapena shelefu yatsopano pafupi, mukasintha buleki, kapena ngolo ikagunda nsanamira ya sensa. Tsiku limene makina sadzaima, khomani loko pa switchi yaikulu ndi kuitana mmisiri wa magetsi, ngakhale masamba atadzaza m'mathirafu onse ofotetsera tiyi.