Momwe tingagwirire ntchito ndi aluso a ku Mzuzu pofalitsa mapulogalamu aufulu

Chichewa chimasiyanitsa bwino mawu awiri, ulere ndi ufulu, ndipo aliyense wofuna kufalitsa mapulogalamu a pakompyuta aufulu ayenera kugwira kusiyana kumeneku. Pulogalamu yaufulu ndi imene munthu amaloledwa kuigwiritsa ntchito pa chilichonse, kuona momwe inalembedwera n'kuisintha, kuigawira anzake, komanso kugawa imene iye waikonza. Mfundo zimenezi anazikhazikitsa Richard Stallman, amene anayambitsa ntchito yolemba mapulogalamu aufulu yotchedwa GNU mu 1983 ndi bungwe la Free Software Foundation mu 1985. Komabe ine ndaona kuti mbiri imeneyi payokha siikopa munthu. Chimene chimakopa ndi chithunzi chokongola, nyimbo yomveka bwino kapena kanema wosangalatsa, ndipo n'chifukwa chake ndikulimbikitsa kuti tiyambire kwa aluso.

Choyamba, pitani kumene aluso akugwirira ntchito, ndipo mupite ngati wofuna kuphunzira. Mu Mzuzu muno anthu otere sasowa: alipo anyamata okonza makhadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro m'timashopu ta pafupi ndi msika waukulu, alipo ojambula nyimbo za makwaya m'tizipinda ta ku Chibavi ndi ku Chiputula, komanso ophunzira a ku Mzuzu University ku Luwinga amene amajambula makanema a zochitika zosiyanasiyana. Khalani nawo theka la tsiku, muone zimene zimawavuta. Ine ndinakhalapo pambali pa mnyamata wina amene ankakonza posita ya msonkhano wa chitsitsimutso pa pulogalamu yobedwa, abusa ataima pakhomo kudikirira, kenako pulogalamuyo inatsekeka n'kuyamba kufunsa nambala ya chilolezo imene iye analibe. Anapukuta thukuta n'kunena kuti, “Abusa, pepani, mubwerenso madzulo.” Munthu wotere safuna ulaliki, koma chida chimene sichidzamuchititsanso manyazi pamaso pa kasitomala.

Mukadziwa ntchito yake, musankhireni chida chimodzi chokha. Wojambula pamanja mupatseni Krita, wokonza zithunzi za kamera GIMP, wopanga malogo ndi zikwangwani Inkscape, woyala masamba a timabuku Scribus, wojambula mawu Audacity kapena Ardour, ndipo wolumikiza makanema Kdenlive. Musamuuze kuti afufute Windows tsiku loyamba, chifukwa ambiri mwa mapulogalamuwa amayenda bwinobwino pa Windows, ndipo nkhani ya Linux, pulogalamu yaufulu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, idzabwera yokha iye akayamba kuwakhulupirira. Popeza bandulo ndi yodula, tsitsani mapulogalamuwo kamodzi, muwaike pa fulashi n'kumagawira ena. Apa ndi pamene mungatchule za ufulu mwachidule, kuti kugawana kumeneku n'kololedwa, si kuba.

Kenako gwirani naye ntchito yeniyeni imene ili ndi mwini wake ndi tsiku lake loperekera, chifukwa ndi pa ntchito yotere pamene zovuta zenizeni zimaonekera. Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala kwambiri. Makina osindikizira ambiri amafuna mitundu ya CMYK, kutanthauza mitundu inayi ya inki yosindikizira, choncho ntchito yopita kokasindikiza muimalizire mu Scribus kapena mu Krita, muitulutse ngati PDF pamene n'kotheka, ndipo muyambe mwasindikiza tsamba limodzi loyesera musanalamule mazana. Chachiwiri ndi zilembo. Kuno kumpoto zambiri zimalembedwa m'Chitumbuka, momwe chilembo cha ŵ chimapezeka pafupifupi mzere uliwonse, ndipo mitundu ina ya zilembo imaika kabokosi kopanda kanthu m'malo mwake. Mitundu yaufulu monga Noto, Gentium ndi Andika ili nacho chilembochi. Musaiwalenso kutsegula mbali yosunga ntchito payokha pakapita mphindi zochepa, popeza magetsi akazima sachenjeza.

Akakayikira ngati zida zimenezi zingatulutse ntchito yapamwamba, muonetseni zimene ena anachita. Pulogalamu ya Blender, yopangira makanema a zidole ndi zithunzi za 3D, inakhala yaufulu mu 2002 anthu atasonkherana ndalama zokwana mayuro 100,000 kuti aiwombole, ndipo eni ake anasankha kuitchukitsa poitana aluso kuti apange makanema, monga Elephants Dream mu 2006 ndi Big Buck Bunny mu 2008, n'kugawa mafayilo onse kuti ena aphunzirirepo. Njirayi inathandiza mbali zonse ziwiri, chifukwa aluso akadandaula za vuto, olemba pulogalamu ankalikonza pomwepo. Kanema wa ku Latvia wotchedwa Flow, amene anapangidwa ndi Blender, anapambana mphoto ya Oscar mu 2025.

Gawo lofunika kulifotokoza modekha ndi la chilolezo cha ntchito ya waluso mwini. Kugwiritsa ntchito pulogalamu yaufulu sikumukakamiza kugawa nyimbo kapena zithunzi zake, ndipo zimenezi mumuuze poyera kuti asaganize kuti mwabwera kudzamulanda chakudya pakamwa. Ngati iye wafuna yekha kugawa, zilolezo za Creative Commons, zimene zinatuluka koyamba mu 2002, ndi zimene zingamuthandize. Chilolezo cha CC BY chimalola ena kugwiritsa ntchito chinthucho ngakhale pa malonda malinga atchule mwini wake, pamene CC BY-SA chimawonjezera lamulo lakuti chilichonse chopangidwa kuchokera pamenepo chigawidwenso mwa njira yomweyo. Muuzeninso kuti chilolezo chotere akachipereka sangachibweze kwa amene analandira kale. Woimba amene ndi membala wa COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso m'Malawi, ayambe wawerenga mgwirizano wake ndi bungweli ndi kufunsa ku ofesi yawo asanaike chilolezo pa nyimbo iliyonse. Langizo langa n'lakuti ayambe ndi kanthu kamodzi kakang'ono, monga chithunzi cha mapiri a Viphya choikidwa pa Wikimedia Commons, nkhokwe ya pa intaneti ya zithunzi zaufulu, chimene chingakongoletse nkhani za pa Wikipedia ya Chichewa kapena ya Chitumbuka dzina lake lili pa tsamba la chithunzicho.

Pa nkhani za chikhalidwe pakufunika ulemu woposa pamenepa. Gule wa Vimbuza, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndi mwambo wa machiritso, ndipo kukhala ndi kamera sikupatsa munthu mphamvu yogawa chithunzi cha wodwala kwa dziko lonse. Pemphani kwa ovina ndi kwa akuluakulu a mudzi, muwafotokozere kuti chithunzicho chidzafika kutali ndipo ena adzatha kuchisintha, ndipo akakana muwamvere.

Ntchito zikakwana zisanu kapena khumi, konzani chionetsero. Tsiku loyenera ndi Loweruka lachitatu la mwezi wa Sepitembala, pamene maiko ambiri amakumbukira Software Freedom Day, tsiku la ufulu wa mapulogalamu. Pemphani holo ya tchalitchi kapena kalasi ya sukulu ku Katoto, pachikani zithunzi, ulutsani nyimbo, ndipo pansi pa ntchito iliyonse lembani dzina la mwini, pulogalamu imene anagwiritsa ntchito ndi chilolezo chimene wasankha. Olankhula akhale aluso eniake, inu mukhale pakona ndi kompyuta ndi fulashi kuti aliyense wobwera ndi laputopu abwerere kwawo ataikiridwa pulogalamu. Waluso amene wapereka tsiku lake mumupatse ya thiransipoti ndi chakudya, ndipo pakatha milungu iwiri mukamuyenderenso pa shopu yake kuti mumve pamene wakakamira.