Momwe mungaonere za uzimu m'zithunzi za mkati mwa matchalitchi a ku Netherlands

Akatswiri a ku Netherlands a m'zaka za m'ma 1600 anapenta zithunzi za matchalitchi ooneka ngati opanda kanthu, koma za uzimu anazibisa m'kuwala ndi m'kamangidwe.

Choyamba, lowani pa webusaiti ya Rijksmuseum, nyumba yosungiramo zithunzi ndi zinthu zakale ya ku Amsterdam, kumene zithunzi zimaonedwa mwaulere, ndipo mufufuze chithunzi cha tchalitchi cha Sint-Odulphus ku Assendelft, chomwe Pieter Saenredam anapenta mu 1649. Chikulitseni pa kompyuta, popeza pafoni zambiri sizioneka.

Chachiwiri, dziwani chifukwa chake makoma ali mbee. Mu 1566 magulu a anthu anaphwanya mafano m'matchalitchi, ndipo a mpingo wa Reformed atatenga nyumbazo anazipaka njereza, naika gome la mlaliki pamalo oonekera. Motero wopenta analibe mafano a oyera mtima oti alozere nawo kumwamba. Zomwe zinamutsalira ndi kuwala ndi kamangidwe basi.

Chachitatu, ndipo apa musathamange, londolani kuwalako kuchokera pazenera mpaka pamene kwagwera. Kwa Saenredam kuwala kumadzaza nyumba yonse mofanana, popanda mithunzi yolimba, ndipo khoma lomwe poyamba mumaliyesa loyera mudzapeza kuti lili ndi chikasu, phulusa ndi kufiirira pang'ono. Kenako yerekezerani ndi zithunzi za wopenta wina, Emanuel de Witte, za tchalitchi cha Oude Kerk cha ku Amsterdam, momwe dzuwa limagwa m'zigamba pazipilala ndi pansi, kwina kukhala mdima. De Witte amakopa maso msanga, koma bata la Saenredam ndilo limafanana kwambiri ndi pemphero.

Chachinayi, yezani msinkhu wa anthu ndi wa zipilala. Saenredam ankayeza nyumba mosamala ndi kujambula mapulani asanagwire penti, choncho kuchepa msinkhu kwa anthu omvera ulaliki pansi pa denga lalitalilo sikunachitike mwangozi.

Pomaliza, yang'anani pansi. Kale anthu ankaikidwa m'manda m'tchalitchi momwemo, ndipo kutsogolo kwa chithunzi cha ku Assendelft kuli mwala wa pamanda a Jan Saenredam, bambo ake a wopentayo. De Witte nthawi zina amaonetsa manda okumba kumene, wokumba ali pambali, agalu akungoyendayenda, pofuna kukumbutsa woonera za imfa pakati pa zochitika za tsiku ndi tsiku.